Madzi Pansi pa Dizilo

Ku Area 12, mkati mwa mpanda wautali wa njerwa, munali nyumba ziwiri. Yaikulu inali ya a Davison, bwana wa pa kampani ina ku City Centre, amene ankakhala ndi mayi awo okalamba, agogo Consolata. Yaing'ono, kuseri kwa mitengo ya mapeyala, inali ya antchito, ndipo m'menemo ndi momwe Gladson anabadwira. Bambo ake, a Jobu, ankasamalira maluwa ndi zonse za panja. Mayi ake, a Zelifa, ankaphika m'nyumba yaikulu. Anali anthu osauka koma opemphera. A Jobu anali mkulu wa mpingo ku Kauma, ndipo m'nyumba mwawo munthu sankagwira tsache m'mawa asanagwade. Gladson sanagonepo ndi njala, ndipo sanamvepo makolo ake akutukwanana. Izi zidziwike poyamba, kuti wina asadzanene kuti mwanayu anaonongeka chifukwa cha kumene anachokera.

Agogo Consolata anagwira ntchito ku Capital Hill mpaka kupuma, koma tsopano mapapo awo anali atatopa. Ankakhala pa mpando wa pawindo ndi timapayipi m'mphuno, tochokera ku makina owapatsa mpweya. Makinawo ankayendera magetsi. Magetsi akazima, zomwe mu Lilongwe sizidabwitsa ngakhale mwana wakhanda, jenereta ya m'kanyumba ka kuseri inkayenera kulira msanga. N'chifukwa chake a Davison anaika m'kanyumbamo migolo iwiri ya dizilo. Woyamba unali wa masiku onse. Wachiwiri sunkakhudzidwa, unali wodikira tsiku loipa, ndipo aliyense pakhomopo ankautchula kuti mgolo wa agogo. Kiyi ankasunga a Jobu. Lolemba lililonse ankapisa nsungwi m'migolo yonse iwiri kuti aone pamene dizilo walekezera.

"Uziona bwino, mwana wanga," ankatero kwa Gladson. "Umu si mafuta chabe. Umu muli moyo wa munthu."

Gladson ankavomera ndi mutu, maso ali kwina. Anali atalemba mayeso a Fomu 4 ndipo zotsatira zake zinali zoti munthu sangaonetse alendo. Anzake ena anapita ku makoleji, iye anatsala akukankha wilibala ndi kuthirira kapinga woti si wake. Masana agogo ankamuitana kuti awawerengere Mawu a Mulungu, poti maso awo anali atafooka. Ankamukonda, ngakhale sankamusiya osamugemula.

"Mawu ako ndi abwino, a m'busa enieni," ankatero. "Koma maso ako amangokhala ku geti ngati mbuzi yomva fungo la gaga."

Chaka chimenecho mafuta a galimoto anasowa mumzinda. Mizere ya magalimoto inkatalika mpaka kukhota m'misewu, madalaivala akugona pa chiwongolero. Tsiku lina a Jobu anatuma Gladson ku Old Town kukagula mbewu za ndiwo zamasamba. Pafupi ndi depoti anamva wina akumuitana ndi dzina la kusukulu. Anali Paxton, amene anasiya sukulu ali Fomu 2, koma tsopano anali pa njinga yamoto yonyezimira, zigubu ziwiri zitamangidwa kumbuyo. Ankagulitsa mafuta mobisa kwa anthu otopa ndi mizere.

"Aise Gilado, ukadali kuthirira maluwa a eni?" anaseka Paxton. Anamukokera m'kabala ka kuseri kwa mashopu n'kumugulira botolo la mowa. Gladson anakana koyamba, kachiwiri anangoti alawe.

"Kwanu kuja kuli jenereta, eti? Dizilo amasunga wambiri?" anafunsa Paxton.

"Migolo iwiri."

Paxton anaika botolo pansi. "Ndiye iwe ukufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi, mani."

"Bambo amayeza ndi nsungwi Lolemba lililonse."

"Nsungwi ili ndi maso? Tamvera. Ukachotsa chigubu cha dizilo, thiramo chigubu cha madzi. Madzi amatsika pansi, dizilo amayandama pamwamba. Mdala akapisa ndodo yake, ituluka yonyowa mpaka pomwe paja, fungo lomwe lija."

"Koma wina timaugwiritsa ntchito. Wachiwiri sautsegula, ndi wa agogo odwala."

"Mgolo woti sautsegula n'komwe? Zinthu zikakhala bho pa filing'i, udzagula wotchipa n'kubwezeramo. Kumeneko si kuba, n'kubwereka. Mbuzi imadya pomwe aimangirira."

Gladson anabwerera kunyumba ndi mbewu m'thumba, ndi mawu a Paxton m'mutu. Mawuwo ndi amene anayamba kumera.

Loweruka a Jobu ankapita ku msonkhano wa akulu ampingo, ndipo kiyi ankasiyira mwana wawo, kuopa kuti magetsi angazime iwo kulibe. Loweruka limenelo Gladson analowa m'kanyumba ka jenereta mwamantha. Anapopa chigubu chimodzi mu mgolo wa agogo, anathiramo madzi a pampopi wa m'dimba, anaika chigubucho m'wilibala n'kuchikwirira ndi masamba ouma. Anatuluka pa geti ngati wokataya zinyalala. Pa ngodya ya mpanda Paxton anali akudikira. Lolemba a Jobu anapisa nsungwi, anaiyang'ana, n'kunena kuti zili bwino. Gladson anamva mtima kupepuka, ndipo kupepuka kumeneko kunali koopsa kuposa mantha aja.

Loweruka lotsatira anatulutsanso chigubu, mopanda mantha. Lotsatira lakelo zigubu zinali ziwiri. Posakhalitsa Gladson anali ndi foni yatsopano ndi nsapato zoyera zosayenera munthu wa m'dimba, ndipo njira ya ku Old Town anaidziwa kuposa ya ku tchalitchi. Ankabwera akutafuna maswiti kuti aphe fungo la mowa. Anaiwala kuti mphuno ya mayi wophika sinamizika.

"Nsapato izi zachokera kuti?" anafunsa a Zelifa tsiku lina akuchapa.

"Ganyu, amayi. Ndimathandiza mnzanga kutsitsa katundu."

"Ganyu wanji wolipira nsapato ndi mowa womwe? Gladson, ndinakubereka ndine. Ukanama, khutu lako lamanzere limafiira, chiyambire uli mwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnzako ameneyo umusiye."

A Jobu sanali munthu wokalipa. Anamuitanira pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumukhazika pa chidebe.

"Ngati pali chimene wachita, nena kukadali kowala. Ine ndi mayi ako tikhoza kukuthandiza kusenza. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Palibe chimene ndachita."

"Nanga bwanji sukugwadanso nafe m'mawa?"

Mowa wa dzulo unali ukadali m'mutu, ndipo unamuyankhira. "Inu mwagwada zaka zonsezi, mwapezapo chiyani? Nyumba ya eni, njinga yakutha. Mukufuna nanenso ndikalambire pa wilibala?"

Mawuwo anawalasa a Jobu, ndipo Gladson anaona kuti awalasa, koma sanapepese. Bambowo ananyamuka, anatenga chikwanje chawo n'kupita kukadulira mpanda wa maluwa.

Masana ena Gladson akuwerengera agogo, iwo anakweza dzanja kuti aime. Ankalankhula modukizadukiza, akupuma pakati pa mawu.

"Masiku ano ukuwerenga ngati wina akukuthamangitsa. Chikukudya n'chiyani?"

"Palibe, agogo."

"Ine ndakalamba, ndaona anthu. Woyera palibe, mwana wanga, ngakhale ine wokhala pampando pano. Tonse timakhalira chifundo cha Mulungu. Magetsi akazima ine n'kumva jenereta yalira, ndimati, Ambuye, ndilibe changa, ngakhale mpweya ndi wopatsidwa. Ngati wagwa penapake, usabise. Chilonda chobisa ndicho chimanunkha."

Mawu anafika pakhosi pa Gladson. Akanangotsegula pakamwa, nkhani ino ikanathera pomwepa, ndi manyazi ndi misozi basi. Koma anaganiza za nkhope ya bambo ake, anaganiza za foni ya m'thumba, n'kumeza mawuwo. Madzulo ake anaimbira Paxton kuti wasiya.

"Wasiya?" anatero Paxton. "Makasitomala anga ndiwauza chiyani? Ukasiya, mawa ndifika pa geti ndidzacheze ndi abwana ako. Sankha wekha."

Loweruka wilibala inatulukanso pa geti.

Tsiku loipa lija linafika m'nyengo ya dzinja. Mvula yamkuntho inagwetsera mtengo pa mawaya, ndipo dera lonse linakhala lopanda magetsi. Jenereta inalira tsiku lonse, inaliranso lotsatira, mpaka mgolo woyamba unauma. M'mawa mwake a Davison anatenga galimoto kukaima pa mzere wa mafuta ku Area 47. Anatenganso silinda ya mpweya yosungira pangozi, yomwe inali itatsala pang'ono kutha, kuti akaidzazitse. Pakhomo panatsala agogo, a Jobu, a Zelifa ndi Gladson.

Dzuwa lili paliwombo a Jobu anaitana. "Gladson, tabwera. Thanki yatsala pang'ono. Lero titsegula mgolo wa agogo."

Gladson anawatsatira. Analowa m'kanyumbamo, momwe jenereta inali kugunda mpaka malata kunjenjemera. A Jobu anatsegula mgolowo, analowetsamo chitsulo cha pampu, ndipo payipi yakuda anailowetsa m'thanki ya jenereta. Payipiyo sinkaonetsa chimene chikudutsamo.

"Iwe zungulitsa pampu, ine ndigwira kuno."

Gladson anakweza chitsulocho pang'ono kuti chikoke za pamwamba zokha. A Jobu anaona.

"Ukuchikwezeranji? Chitsitse chifike pansi, chingakoke mpweya."

"Bambo..."

"Chiyani?"

Phokoso la jenereta linali lalikulu, koma si limene linamutseka pakamwa. Anayang'ana bambo ake, imvi zawo zili thukuta, akudikira. Anadziuza kuti mwina madziwo si ambiri. Anadziuza kuti mwina magetsi ayaka posachedwa. Anadziuza zonse zimene munthu amadziuza akafuna kupulumutsa nkhope yake.

"Palibe," anatero. Anatsitsa chitsulocho mpaka chinagunda pansi pa mgolo, n'kuyamba kuzungulitsa ndi dzanja lake lomwe.

Jenereta inapitiriza kulira kwa kanthawi, ndipo Gladson anayamba kuganiza kuti wapulumuka. Kenaka inatsokomola. Inatulutsa utsi woyera, inagwedezeka, inatsokomolanso, n'kukhala chete. M'kachetechetemo munamveka kulira kwa makina a agogo m'nyumba yaikulu, kulira kochenjeza kuti mpweya waima.

A Jobu anayesa kuiliza. Inakana. Anayesanso, akupemphera chapansipansi, koma inangokhosomola osagwira. A Zelifa anatulukira pa khomo la kukhitchini.

"Bambo a Gladson, agogo akubanika. Ndaimbira abwana, akuti galimoto yatsekeredwa pakati pa mzere, sangatuluke."

"Thamanga kwa aneba," a Jobu anauza mwana wawo. "Aliyense amene ali ndi galimoto."

Gladson anathamanga. Ku Area 12 nyumba ndi zotalikirana, ndipo geti lililonse ndi lachitsulo. Anamenya loyamba, mlonda anasuzumira pa kabowo n'kunena kuti abwana ali ku ntchito. Pa lachiwiri anayankha agalu okha. Pa lachitatu mlonda anati galimoto ilipo koma yakhala sabata yonse yopanda dontho. Ali wefuwefu, Gladson anaimbira Paxton.

"Bwera ndi njinga, bwera ndi chigubu, chilichonse. Munthu akufa kuno."

"Ndili ndi kasitomala, aise. Komanso za maliro ine ayi, usanditchule." Foni inaduka.

Pa geti la kumapeto kwa msewu anatsegula mayi wina, a Sellah, amene anali ndi mafuta pang'ono m'kagalimoto kawo. Sanafunse zambiri. Anawanyamula agogo pa mpando wawo, a Jobu kumutu, Gladson kumiyendo, ndipo anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. A Jobu anakhala kutsogolo kuti azilozera njira zachidule. Gladson anakhala kumbuyo, mutu wa agogo uli pamiyendo pake.

Msewu wopita kuchipatala unali wothina ndi magalimoto odikira mafuta mbali zonse. A Sellah ankaliza hutala, a Jobu anatulutsa dzanja pawindo akupempha njira. Agogo ankakoka mpweya ndi thupi lonse, milomo itasanduka yotuwa. Dzanja lawo linafufuza mpaka linapeza la Gladson, n'kuligwira zolimba. Ankaligwira ngati la munthu wowathandiza, ndipo zimenezo Gladson sanathe kuzipirira. Anawerama n'kunong'ona m'khutu mwawo.

"Agogo, ndine. Ndinaba dizilo wanu, ndinathiramo madzi. Ndikhululukireni."

Maso a agogo anali otsegula, koma ngati anamva kapena ayi, Gladson sadzadziwa mpaka tsiku lake lomaliza. Dzanja lija linayamba kumasuka. Pamene galimoto inkakhota kulowa pa geti la chipatala, agogo Consolata anali atatisiya.

M'mawa mwake pabwalo panali tenti ya maliro, amayi a mpingo akuimba m'nyumba. Magetsi anali asanayake, choncho a Davison anaitana makaniko kuti akonze jenereta. Makanikoyo anamasula pansi pa thanki n'kutchera beseni. Anayang'ana, ananunkhiza, kenaka anaitana bwana. M'besenimo munali madzi, timafuta tikuyandama pamwamba. Anapopa mu mgolo wa agogo, namonso munatuluka madzi.

A Davison anaitana a Jobu. Maso awo anali ofiira ndi kulira, koma mawu anali ozizira.

"A Jobu, kiyi wa kanyumba aka amasunga ndani?"

"Ine, bwana."

"Pali wina amene mumamupatsa?"

Gladson anali chapafupi, atanyamula mipando ya alendo. Anaona msana wa bambo ake ukuuma. Anadziwa kuti a Jobu azindikira zonse: nsapato, Loweruka, chitsulo chokwezedwa chija. Koma bambowo sanatembenuke kumuyang'ana.

"Kiyi ndi udindo wanga, bwana," anatero a Jobu.

"Mwakhala pano chiyambire ndili mnyamata. Mayi anga ankakutchulani mchimwene. Ndiye mwawagulitsa pa chigubu?" A Davison anatulutsa foni. "Mukafotokoza ku polisi."

A Jobu anaitana mkazi wawo. "Mayi a Gladson, kanditengereni jekete langa la ku tchalitchi."

Apo mipando inagwa m'manja mwa Gladson. Anayenda pamaso pa anthu onse a pamaliro, anagwada pa matope patsogolo pa a Davison, n'kunena zonse. Anatchula Loweruka, wilibala, Paxton ndi mowa. Ananenanso chimene palibe amene akanachidziwa, kuti pa pampu paja ankadziwa chimene akupopa ndipo anakhala chete. A Zelifa anakhala pansi pomwe anaimapo, atagwira kumutu.

"Usandigwadire ine," anatero a Davison. "Mayi anga ali m'bokosi. Ukawagwadire iwowo, uone ngati adzuke."

Podikira apolisi anamukhazika kuseri, pa khonde la nyumba ya antchito. Anthu ankamuyang'anira patali ngati chinthu chonyansa. A Jobu okha ndi amene anabwera kudzakhala pambali pake.

"Bambo, mukanapita kundende chifukwa cha ine?"

"Ndikanapita. Koma sizikanakuyeretsa. Ndende yanga ikanangokubisa, tchimo likanatsala momwemo."

"Ndapha munthu amene ankandikonda. Mulungu sangandiyang'anenso."

A Jobu anapukuta nkhope ndi chikhatho. Analira, ndipo Gladson anali asanawaonepo akulira.

"Tsiku lija unandifunsa chimene ndapeza pogwada. Sindigwada chifukwa ndine wabwino, mwana wanga. Ndimagwada chifukwa ndimaudziwa mtima wanga, ndipo popanda chifundo sindingafike madzulo. Chimene wachita n'chachikulu. Ine sindingachichotse, misozi ya mayi ako singachitsuke, ngakhale zaka za kundende sizingabweze agogo. Alipo mmodzi yekha amene anasenza mlandu wa anthu ena n'kuuthetsadi, ndiye Yesu. Usapite kwa Iye ndi zifukwa. Upite monga ulili."

"Ndinene chiyani?"

"Nena chimene uli, ndipo upemphe chimene sukuyenera kulandira."

Gladson anagwada pakhondepo, pomwe anakana kugwada miyezi yonse ija. Pemphero lake silinali lokoma ngati kuwerenga kwake. Anangoti, "Ambuye, ndine wakuba, ndine wakupha. Mundichitire chifundo." Anabwereza mawu omwewo mpaka galimoto ya apolisi inaima pa geti. Ananyamuka yekha n'kupereka manja.

Khoti linamupeza wolakwa ndipo anapita kundende ali mnyamata. Paxton anasowa mumzinda tsiku lomwelo. A Davison sanathe kupiriranso kuona nkhope za banjalo, choncho maliro atatha, a Jobu ndi a Zelifa anakweza katundu wawo pa lole yaing'ono n'kubwerera kumudzi ku Malingunde, kukayamba kulima ali okalamba. Mwezi ndi mwezi a Jobu amakwera minibasi kukamuona mwana wawo. Amati Gladson amapemphera, ndipo akaidi anzake akamufunsa chimene anamangidwira, sachepetsa kanthu.

Inu achinyamata, imvani. Tchimo silibwera ndi nkhope ya imfa. Limabwera ngati mnzako wokugulira botolo, n'kukuuza kuti ukungobwereka. Ndipo likalowa silidya iwe wekha, limadyanso amene anakukhulupirira. Tonse ndife ochimwa, ndipo chifundo cha Mulungu n'chachikulu moti chinamupeza Gladson ngakhale pakhonde paja. Koma musachedwe dala poti chifundo chilipo. Gladson anafunsidwa ndi mayi ake, anafunsidwa ndi bambo ake, anafunsidwa ndi agogo omwe, ndipo nthawi zonsezo anati palibe. Anadzalapa, Mulungu anamumva, koma agogo Consolata anali atafa kale. Ngati pali chimene mwabisa, nenani lero, munthu amene mungamupulumutse akadali kupuma.